Mzere wa gcc ndi mafayilo awiri okana kufanana

Mzere umene Makefile yathu (fayilo ya malamulo opangira pulogalamu) inkatumiza kwa compiler (chida chosandutsa code kukhala malangizo amene chip imamva, yathu ndi gcc) pa fayilo iliyonse unali wautali moti pa laputopu yanga unkapindika kangapo usanathe. Ndikachotsa machenjezo ndi zina zokometsera n'kusiya mafupa okhaokha, unkatsala chonchi:

arm-none-eabi-gcc -mcpu=cortex-m4 -mthumb -Os -g -I /home/ine/mapampu/include -DBOARD=2 -MMD -MF build/mita.d -c src/mita.c -o build/mita.o

Ambiri amene timalemba mapulogalamu, mzere ngati uwu sitiuwerenga. Tinautenga kwa wina, iyenso anautola pa intaneti, ndipo bola pulogalamu ikutuluka palibe amene amafunsa kuti -MF ikutani pamenepo. Maso onse amakhala pa src/mita.c, poti ndi mmene muli thukuta lathu. Koma mita.o, fayilo yotuluka kumapetoko, imaumbidwa ndi chilichonse chili pamzerepo, ndiponso ndi zina zimene sizikuoneka n'komwe: foda imene mwaimamo, tsiku la lero, ndi compiler yeniyeniyo imene yavomera mutaitana dzina lakuti arm-none-eabi-gcc pa kompyuta yanu.

Ntchito yathu ndi ya timakina tating'ono toikidwa pa mapampu a sola othirira mbewu. Kamakinako kamawerenga madzi amene atuluka, n'kuzimitsa pampu chitsime chikayamba kuphwa kuti mota isapse. Ine ndimakhala kuno ku Salima, chakufupi ndi Kamuzu Road. Mnzanga amene timalemba naye pulogalamuyi amakhala ku Nkhotakota, ndipo ndi iye amene amakwera njinga yamoto kupita kwa alimi a m'mbali mwa mtsinje wa Bua kukaika pulogalamu yatsopano m'timakinato. Pakati pa awirife pali makilomita oposa 100 a msewu wa M5, netiweki yobwera n'kumapita, ndi git, chida chosunga mbiri ya code yathu, momwe kusintha kulikonse kosungidwa kumatchedwa commit.

Pa build, ndiko kusandutsa code yonse kukhala pulogalamu yoika m'kamakina, timafuna zinthu ziwiri. Choyamba ndi changu. Magetsi akathima masana a mwezi wa October kuno kunyanja, laputopu ili moto, batire ikutsika, simufuna kuona mafayilo onse a laibulale ya chip akukompailidwanso kuyambira pachiyambi chifukwa choti mwangosamukira ku branch ina kapena mwalemba make clean. Chachiwiri ndi kufanana. Pampu ikavuta ku Bua, funso loyamba limakhala lakuti, kodi zimene zili m'kamakinako ndi zomwezi zili pa sikirini yangayi? Ife awiri tikatenga commit imodzi, aliyense n'kupanga build pa kompyuta yake, mafayilo awiriwo ayenera kufanana mpaka byte yomaliza, sha256sum, yopanga nambala kuchokera ku zam'kati mwa fayilo, itipatse nambala imodzi. Kupanda kutero ndiye kuti ndikusaka vuto mu pulogalamu imene ku Bua siinafikeko.

Ziwirizi zimaoneka ngati nkhani zosiyana, koma zonse zikudikira yankho la funso limodzi: n'chiyani kwenikweni chimene chimalowa mu fayilo yotulukayo?

Pa changu amatithandiza ndi ccache. Anaiyamba ndi Andrew Tridgell, yemwe uja wa Samba ndi rsync, mu 2002, ndipo kwa zaka zambiri tsopano amene akuisamala ndi Joel Rosdahl. Mumalemba ccache patsogolo pa dzina la compiler. Iyo imawerenga mzerewo, imasonkhanitsa zonse zimene ikuona kuti zingasinthe zotuluka, n'kupanga nambala imodzi yaitali, hash. Kuyambira pa ccache 4.0 ya mu 2020 imagwiritsa ntchito BLAKE3. Ikapeza kuti nambalayo inaionapo kale, imangotenga mita.o yakale imene inasunga n'kukupatsani, compiler osadzutsidwa n'komwe. Ikapanda kuipeza imaitana compiler, n'kusunga zotulukazo kuti zidzathandize mawa.

Pofotokoza n'zophweka choncho, koma kuwerenga mzere wa gcc si ntchito yamasewera. Simungangoudula pa mpata uliwonse n'kunena kuti mwaumva. Onani -I, imodzi mwa ma flag, ndiko kuti timalamulo toyamba ndi - timene tili pamzerepo. Mutha kulemba -Iinclude mophatikiza, kapena -I include motalikitsa, gcc imamva chimodzimodzi. Choncho wowerenga akaona -I ili payokha ayenera kudziwa kuti mawu otsatirawo ndi foda, osati fayilo ya code. -o ndi -D nazonso zili choncho. Tsono -MMD siitenga kanthu pambuyo pake, pamene -MF, ya pakhomo lomwelo, imatenga dzina la fayilo. Mukalowa mu Makefile ya Linux kernel mupeza -Wp,-MMD,dzina, pomwe -MMD yomwe ija ikutenga dzina la fayilo, chifukwa apa mawuwo akupita mwachindunji kwa preprocessor, gawo loyamba kudutsa pa code isanakompailidwe, imene ili ndi malamulo akeake. Pali -u, yotenga dzina la symbol, ndiye palinso -undef imene ndi flag ina yosiyaniratu. Pulogalamu yongoyang'ana zilembo ziwiri zoyamba iwerenga -undef ngati -u yotsatidwa ndi ndef. Mawu obwera pambuyo pa -Xlinker ndi a linker, yolumikiza mafayilo a .o kukhala pulogalamu imodzi, ngakhale ataoneka bwanji ngati a compiler. -x c imasintha tanthauzo la mafayilo a kumanja kwake, a kumanzere osawakhudza. Ndipo mawu oyamba ndi @ ndi dzina la fayilo ina momwe mwabisala ma flag enanso, oyenera kutsegulidwa ndi kuwerengedwa ngati analembedwa pamzere pomwepo.

Yondiseketsa ndi ya clang-cl, ndiko kuti Clang, compiler ina yosiyana ndi gcc, itavala malaya a compiler ya Microsoft. Kumeneko ma flag amayamba ndi /. Pa Mac mafoda a anthu amayamba ndi /Users. Ndiye clang-cl ikapatsidwa /Users/wina/fayilo.c imatha kumva /U yotsatidwa ndi sers/wina/fayilo.c, ndiko kuti lamulo lofufuta macro (dzina longa loikidwa ndi -D) ya dzina limenelo, kenako n'kudandaula kuti simunaipatse fayilo. Opanga Clang anachita kuikapo chenjezo lapadera la nkhani imeneyi yokha.

Ma compiler enieniwo zimenezi sasunga pamtima. GCC ili ndi mafayilo a .opt, Clang ili ndi Options.td, mndandanda wa mizere zikwizikwi wonena za flag iliyonse, ngati imatenga mawu ena, mophatikiza kapena motalikitsa. ccache ili ndi mndandanda wakewake waufupi, ndipo ma flag atsopano amabadwa ndi compiler yatsopano iliyonse.

Mzere ukadulidwa bwino, pamabwera kuweruza flag iliyonse: ilowe mu hash kapena isalowe? -Os ndi -mcpu=cortex-m4 n'zosachita kufunsa, zimasintha malangizo enieni opita ku chip. Dzina la pambuyo pa -o nthawi zambiri silikhudza zam'kati mwa fayilo, ndiye kuliwerengera n'kungodzimana. Pamene pali nkhani ndi pa -I ndi -D. ccache ili ndi njira ziwiri zazikulu zofufuzira. Yachangu, direct mode, imatenga fayilo ya code ndi ma flag monga alili, n'kuyang'ana m'kabuku kake kuti ulendo watha mzere umenewu unatsegula ma header ati (mafayilo a .h amene code imaitana). Ngati onsewo sanasinthe, yapeza. Apa -I ndi -D ziyenera kuwerengedwa, poti palibe china chosonyeza zimene zachita. Ikalephera pamenepo imayesa njira yachiwiri, imayendetsa preprocessor n'kupanga hash ya zimene zatulukazo. Apa -D siifunikanso kuwerengedwa payokha, chifukwa ngati inasintha kanthu, kusinthako kwaonekera kale m'mawu otuluka mu preprocessor.

Palinso pomwe ccache imangokana. Mzere wa link, wopanda -c, siusunga. Mzere wokhala ndi mafayilo a code awiri nthawi imodzi, siusunga. Pali ma flag ena amene imawadziwa kuti ndi ovuta, ikawaona imapereka mzere wonse kwa compiler n'kudziimira pambali, ndipo mukalemba ccache -s -v mumaona maulendo oterewa atawerengedwa paokha. Flag imene siikuidziwa n'komwe imaiponya mu hash monga ilili. Ena amati amenewa ndi mantha, ccache ikutaya mwayi. Ine ndili kumbali ya ccache, ndipo aliyense amene anaimapo pa mzere ku chigayo andimvetsa. Wa chigayo akakayikira kuti thumba ili ndi la ndani n'kukuuzani kuti mudikire kaye aonetsetse, mumang'ung'udza, dzuwa n'kukuwambani, basi. Koma akakupatsani ufa wa munthu wina chifukwa matumba akufanana, mumakazindikira muli kunyumba madzi a nsima atawira. Cache, nkhokwe ya ccache ija, ikaphonya pomwe ikanapeza, mwataya mphindi. Ikapeza pomwe siinayenera kupeza, mwaika pulogalamu yolakwika mu pampu ya munthu, ndipo palibe uthenga uliwonse umene ukuchenjezeni.

Tinaziona ndi maso pa nkhani ya nambala ya commit. Makefile yathu inkaika -DGIT_HASH pa mzere wa fayilo iliyonse, kuti kamakina kakayaka kazisonyeza pulogalamu imene kali nayo. Zotsatira zake, commit iliyonse inkasintha mzere wa mafayilo onse, direct mode n'kumaphonya ponseponse. ccache inkapezabe kudzera m'njira yachiwiri ija, koma fayilo iliyonse inkayenera kudutsa kaye mu preprocessor, ndipo ma header a chip yathu ndi aatali zedi. Tsiku lina mnzanga uja anandiimbira foni, mawu ake akuchita kumveka kuti akumwetulira.

"Achimwene, ndapeza mankhwala. Pali ignore_options. Ndaiuza kuti -DGIT_HASH isamaiwerengere, pano build ikungouluka."

"Chemwali, tachitani commit yatsopano ndi make clean, muike m'kamakina ka patebulo panupo. Mundiuze nambala imene kakusonyeza."

Kunali zii kwa kanthawi, kenako kuseka. "Kakunena ya dzulo."

Code yatsopano inali italowa, poti mafayilo amene anasinthidwa anakompailidwanso. Koma fayilo yosindikiza nambalayo inali isanasinthe ngakhale chilembo chimodzi, ccache inali itauzidwa kuti isayang'ane chinthu chokhacho chimene chinasintha, ndiye inapereka yakale mokhulupirika. Pulogalamu yatsopano yoyenda ndi dzina la yakale. Pa ntchito ngati yathu, yofufuza mavuto pa foni, bodza limeneli likhoza kukudyerani sabata. Njira yabwino anaipeza yekha madzulo omwewo: nambala ya commit inachoka pa mzere wa onse n'kupita pa mzere wa kafayilo kamodzi, version.c. Kameneko kokha ndi kamene kamaphonya pa commit iliyonse, ndipo ignore_options inafufutidwa. Chinatsala n'chakuti Make payokha siyang'ana ma flag, imangoyerekeza nthawi za mafayilo monga yakhala ikuchitira chichokereni m'manja mwa Stuart Feldman mu 1976, choncho kafayiloko tinakakakamiza kuti kazikompailidwa ulendo uliwonse.

Yesero lina limagwera aliyense amene wayamba kulemba pulogalamu yakeyake yowerenga mizere imeneyi. Ife tili ndi kapulogalamu kathu ka Python, kamene kamatenga compile_commands.json (fayilo yolembamo mizere yonse yopita kwa compiler) ya ku Salima ndi ya ku Nkhotakota n'kusonyeza pomwe zasiyana. Fayilo imeneyi amatilembera ndi Bear poti tili pa Make. Anzathu a CMake amangoyatsa CMAKE_EXPORT_COMPILE_COMMANDS. Mukaona mizere iwiri ya ma flag omwewo koma osanjidwa mosiyana, dzanja limayabwa kuti muwasanje motsatira zilembo, afanane. Musatero. -O2 -O0 si chimodzimodzi ndi -O0 -O2, yomaliza ndi imene imamveka. -DX -UX imasiya X kulibe, -UX -DX imasiya X ilipo. Mafoda a -I amafufuzidwa kuyambira kumanzere, ndiye ngati awiri ali ndi config.h, yoyamba kupezeka ndi imene imalowa. Pa link, ma laibulale a -l akasinthana malo symbol imatha kusowa, kapena kutengedwa kwina. Kuti munene motsimikiza kuti ma flag awiri atha kusinthana malo, muyenera kudziwa ntchito ya onse awiri, kalembedwe kokha sikakuuzani. N'chifukwa chake kathu kaja kamachita zochepa kwambiri: kamalumikiza -I ndi foda yake kukhala mawu amodzi, kamatsegula mafayilo a @, kenako kamangosonyeza kusiyana, oweruza n'kukhala ife. Tikakayikira timafunsa mwini wake, gcc -###, imene imasindikiza zimene yamva ndi zimene ikanatumiza kwa cc1, as ndi linker, popanda kuyendetsa kalikonse.

Kusiyana kwa kasanjidweko nthawi zambiri sikuchokera kwa munthu. find imatchula mafayilo m'mene disiki yawaperekera, ndipo makompyuta awiri sakakamizidwa kugwirizana pamenepo. Mafayilo a .o akafika kwa linker mosinthana, ma function amakhala pa ma adiresi ena. Pamenepa pokha kusanja n'koyenera, ndipo kumachitika mu Makefile ndi $(sort ...), mzere usanabadwe.

Chimene chinatisunga nthawi yaitali kuposa zonse ndi mafoda. Commit imodzi, compiler imodzi, sha256sum n'kumaperekabe nambala ziwiri. Ndinamutumizira mnzanga uja .bin yanga, fayilo yomaliza yolowa m'kamakina, iye analemba strings pa fayiloyo n'kusefa ndi grep home, ndipo anandibwezera chithunzi cha mzere umodzi:

/home/ine/mapampu/include/pampu.h

Dzina la foda ya pa laputopu yanga, lili m'kati mwa pulogalamu yopita ku dimba la munthu. Linalowa motere. Mu pampu.h muli ka function kokhala ndi assert, ndipo assert imagwiritsa ntchito __FILE__ kuti ikalephera inene kuti yalepherera pati. __FILE__ imatenga dzina la fayilo m'mene compiler inaipezera, ndipo poti -I pa mzere uja inapatsidwa njira yonse kuyambira /home, header inapezeka ndi njira yonseyo. Kwa iye njirayo inali ndi dzina lina, lotalikirapo ndi zilembo zingapo. Zilembo zingapozo zinakankha chilichonse chobwera pambuyo pake, ma adiresi ambiri n'kusuntha, moti poyerekeza mafayilo awiriwo ankaoneka osiyana malo osawerengeka pomwe chosiyana chenicheni chinali dzina la munthu basi.

-g nayo ili ndi khomo lake lolowetsera mafoda. Zothandiza pofufuza mavuto zimalembedwa mu DWARF, ndipo mmenemo muli malo otchedwa DW_AT_comp_dir osunga foda imene munaimamo pokompaila. Zimenezi sizifika mu .bin, poti objcopy imazisiya, koma mu .o ndi mu .elf zilimo. ccache imasunga ma .o, choncho ikaona -g imaika foda yanu mu hash. Ndiye chifukwa chake cache yanga, titaikopera pa hard disk ndi rsync n'kuipititsa ku Nkhotakota, inakaphonya pa fayilo iliyonse ngati kuti munalibe kanthu.

ccache ili ndi njira yake yothetsera zimenezi, base_dir. Mukaiuza foda yaikulu, imalembanso njira zonse za pansi pa fodayo kuti ziziyambira pomwe mwaima, isanapereke mzere kwa compiler. Imagwira ntchito, koma ine sindiikonda. Zikutanthauza kuti compiler ikulandira mzere wosiyana ndi umene Makefile yalemba, ndiye build yodutsa mu ccache ndi build yosadutsamo zitha kutulutsa __FILE__ yosiyana. Chida chofulumizitsa ntchito chisamasinthe zotuluka. Tinakonza mu Makefile momwemo: -I /home/ine/mapampu/include inasanduka -Iinclude, ndipo tinawonjezera -ffile-prefix-map=$(CURDIR)=. imene imauza compiler kuti paliponse pomwe ikanalemba foda yathu ilembe dontho. Flag imeneyi inabwera ndi GCC 8 mu 2018, ndipo imagwira ntchito ya ziwiri pamodzi, -fdebug-prefix-map ya DWARF ndi -fmacro-prefix-map ya __FILE__.

Taonani tsono chimene chachitika. Flag yofufuta dzina la foda ili ndi dzina la fodayo m'kati mwake. Pa mzere wanga ikunena /home/ine, pa mzere wake ikunena zina. Cache yongotenga mzere monga ulili ikanaphonyabe, mankhwala atasanduka matenda. ccache imaidziwa flag imeneyi ndi dzina: njira yakaleyo siiika mu hash, ndipo foda imene mwaimamo imaiwerengera itasinthidwa kale kukhala dontho. Nzeru imeneyi simungaipeze poyang'ana zilembo. Winawake anachita kukhala pansi, kumvetsa zimene flag imeneyi imachita, n'kuilembera lamulo lake.

Ma flag oterewa sanagwe kumwamba. Mu 2013 anthu ena a Debian anayamba ntchito yoti phukusi lililonse lizituluka chimodzimodzi likakompailidwanso, chaka chomwenso Tor Browser inayamba kupangidwa mwa njira imeneyi pogwiritsa ntchito Gitian, chida chimene chinayambira ku Bitcoin. Cholinga chawo n'chachikulu kuposa chathu: aliyense athe kutsimikiza kuti pulogalamu imene watsitsa inachokeradi mu code imene akuiona, popanda kudalira mawu a amene anaipanga. Kayesedwe kawo ndi kokompaila kawiri, ulendo wachiwiri n'kusintha dala zinthu monga tsiku, dzina la wogwiritsa ntchito kompyuta ndi chilankhulo chake, kenako kuyerekeza. Kumeneko ndi komwe kunachokera diffoscope, imene imatsegula mafayilo awiri mpaka m'kati n'kukuuzani chosiyana m'malo mongonena kuti asiyana. Kumenekonso ndi komwe kunachokera SOURCE_DATE_EPOCH mu 2015.

Imeneyi ndi ya nthawi. __DATE__ ndi __TIME__ zimalowetsa tsiku ndi ola la build mu pulogalamu, ndipo code yachitsanzo yobwera ndi ma chip imakonda kuzisindikiza poyaka. Zikakhalapo, build ya m'mawa ndi ya madzulo sizingafanane ngakhale pa kompyuta imodzi. ccache ikaona __TIME__ mu code imasiya direct mode. Pali sloppiness ya time_macros yoiuza kuti itseke maso, koma umenewo ndi msampha womwe uja wa ignore_options. Mu code yathu tinazichotsa, n'kuika -Werror=date-time kuti wozibwezeretsa build imukanire; Linux kernel nayo imachita chimodzimodzi. Pa laibulale ya anthu ena imene sitikufuna kuigwira timadalira SOURCE_DATE_EPOCH, nambala ya masekondi kuchokera pa 1 January 1970, imene GCC imaimvera kuyambira GCC 7 ya mu 2017. Timaipatsa nthawi ya commit yomaliza, yochokera ku git log -1 --format=%ct. Ingodziwani kuti nthawiyo imasindikizidwa mu UTC, maola awiri kumbuyo kwa nthawi yathu, ndiye commit ya 1 koloko usiku imaoneka ngati ya dzulo. Komanso zindikirani kuti imeneyi si flag. Siili pamzere, koma imasintha zotuluka.

Compiler yeniyeniyo nayo siili pamzere, pali dzina lake lokha. arm-none-eabi-gcc ya Ubuntu ina si yomwe ili mu Ubuntu inzake. Tinagwirizana kutenga Arm GNU Toolchain imodzi, ndipo poti fayilo yake imapitirira 100 MB ndinaitsitsa ine ndekha, n'kuiika pa fulashi, fulashi mu envelopu, envelopu kwa kondakitala wa minibasi ya ku Nkhotakota. Itafika anayerekeza sha256sum asanaitsegule. Ngakhale zinali choncho ccache inkaiona ngati compiler ina, chifukwa mwachizolowezi imaizindikira ndi kukula kwa fayilo ndi nthawi imene inasinthidwa komaliza, ndipo nthawiyo imatha kusintha pokopera. compiler_check=content imaiuza kuti iwerenge zam'kati. Dziwani kuti ikuwerenga fayilo yoitanidwayo yokha, pomwe ntchito yaikulu imagwiridwa ndi cc1 imene ili kwina. Kwa ife zilibe vuto poti zonse zinatuluka mu phukusi limodzi.

Ya -march=native ndingoidutsa mwachangu. Mayeso athu amayenda pa laputopu, ndipo flag imeneyi inali pa mzere wawo. Zilembo zake n'zofanana paliponse, koma tanthauzo lake ndi purosesa ya kompyuta imene mwakhalapo, ndipo yanga ndi yake n'zosiyana mibadwo. gcc -march=native -Q --help=target ikusonyezani zimene yasankha. Tinaichotsa, mayeso safuna liwiro limenelo.

Imene sitinagwirizanebe ndi -flto. Malo a pulogalamu mu chip akuchepa, ndipo flag imeneyi imalola compiler kuona pulogalamu yonse pamodzi n'kutaya zosafunika, .bin n'kuchepako. Koma imasamutsa ntchito yolemera kuichotsa pa fayilo iliyonse kuipititsa pa link, ndipo link ndi yomwe ija ccache siisunga. Ma .o amabwera mwachangu, kenako mumakhala n'kumadikira linker ulendo uliwonse, batire ikutsika. Imabweretsanso mavuto ake pa kufanana, poti GCC imaika nambala yamwayi m'maina ena a m'kati mwa ma .o oterewa pokhapokha mutaipatsa -frandom-seed, ndipo buku la GCC limati mawu ake akhale osiyana pa fayilo iliyonse, ndiye anthu amangoikapo dzina la fayiloyo.

Ine ndinati tikhale ndi ma build awiri, ya tsiku ndi tsiku yopanda -flto ndi yopita kwa alimi yokhala nayo. Sanachedwe kuyankha.

"Achimwene, ndiye inu muziyesa ina, ine ndizikaika ina? Pampu ikapsa ku Bua mudzabwera ndinu kudzawafotokozera?"

Ali ndi mfundo, ndipo sindinaipezere yankho londikhutiritsa. Pakadali pano malo tawapeza kwina: tinasamukira ku newlib-nano ndi --specs=nano.specs, n'kusiya kusindikiza manambala a float ndi printf. Imeneyonso ndi flag yotchula fayilo yodzaza ndi malamulo ena osintha mzere, ndipo kathu ka Python kaja sikanaphunzire kuitsegula. -flto ili pa branch yake, ikudikira tsiku limene chip idzadzadzenso.